Mmene Tomato Anakhalira Waulere ku Tikukwera

Dziko la Tikukwera silinatsikepo chikhazikitsireni. Amene akukayika akafunse wailesi ya kumeneko, imene imatsimikiza zimenezi m'mawa uliwonse anthu asanasukusule n'komwe. Likulu lake ndi mzinda wa Sitigwa, ndipo pa nthawi imene ndikukambayi pampando panali Mfumu Nyadani Yachitatu, munthu wamtima wabwino ndithu, bola akhale kuti wamwa tiyi wake mwamtendere.

Kuyambira makedzana, nkhani za chuma pa wailesiyo zinkabwera pawiri. Zoyamba zinali Za Pansanja. Pakati pa mzinda panali nsanja yaitali, ndipo Lolemba lililonse Nduna ya Chuma Chachikulu, a Gwedeza Mapesi, ankakwera pamwamba pake ndi galasi loonera patali. Ali kumeneko ankaona dziko lonse nthawi imodzi: minda yonse ngati munda umodzi, malole oyenda m'misewu, utsi wa mafakitale, ngakhale nkhope za osintha ndalama a kumalire pamene akulandira khobidi, ndalama ya dzikolo. Chimene sichinkaoneka kumwambako ndi munthu mmodzi ndi jumbo yake.

Zikatha zimenezo kunkabwera Za Mudengu. A Lufeyo Kambalame, bambo wochepa thupi wa jekete limodzi, ankanyamula dengu la boma, lomwe lija la nthawi ya agogo ake a mfumu, n'kupita nalo ku msika wa Tapirira ali ndi makobidi zana. Ankagula tomato, bonya, mchere, sopo ndi kabotolo ka mafuta ophikira, kenako n'kukanena pa wailesi pamene katunduyo walekeza. "Sabata ino dengu lafika m'khosi," ankatero. Kapena, "Sabata ino lalekeza m'chiuno."

Anthu ophunzira ankati za pansanja ndi chuma chachikulu, za mudengu ndi chuma chaching'ono. Anthu wamba ankangoti mmodzi amanena za dziko, mnzakeyo amanena za ndiwo. Ndipo poti nkhanizi zinkamveka motsatizana, aliyense ankatha kulumikiza yekha. Nsanja ikati khobidi lafooka, amayi ankadziwa kuti pakatha masabata atatu dengu litsika, ndiye ankagulilatu mchere.

Chaka china dengu linatsika mpaka m'maondo. A Lufeyo ananena zimenezi pa wailesi mosabisa, pa nthawi yeniyeni imene mfumu inkathira shuga wachitatu. Tiyi sanakome. Nduna zonse zinaitanidwa tsiku lomwelo.

"Kodi dengu limeneli lili kumbali yathu?" inafunsa mfumu.

A Mapesi anaimirira, n'kukonza tayi. "Mwini dziko, dengu ndi chinthu cha pansi. Limaona tomato mmodzimmodzi, ndiye limachita mantha msanga. Ife kumwamba timaona tomato yense wa dziko lino pamodzi, ndipo akakhala pamodzi ndi wambiri zedi."

Nduna zinaomba m'manja, ndipo dzuwa lisanapendeke malamulo awiri anali atatuluka. Loyamba linati Za Mudengu zatha, a Lufeyo akwezedwa pantchito, kuyambira lero azigwira makwerero a nsanja nduna ikamakwera. Lachiwiri linati mulu wa tomato ndi makobidi khumi, lero, mawa, mpaka muyaya.

Tsopano titsikire ku Tapirira. Pachipata penipeni pa msikawo panali benchi la mai Filesi Nanthambwe. Benchilo anawasiyira mai awo, amene anagulitsapo tomato zaka makumi atatu, ndipo matabwa ake anali atasalala ndi zigongono za anthu awiriwa. Aliyense wolowa mumsika ankayamba wadutsa pamenepo. Mai Nanthambwe analera ana atatu ndi benchi limeneli, mwamuna atapita kukasaka ntchito kunja n'kuiwala njira yobwerera, ndipo ankalikonda kuposa mmene ankakondera abale awo ena.

Mulu wawo unali wodziwika: tomato anayi pansi, mmodzi pamwamba. Malonda akatha, ankatola tomato wina wocheperapo n'kumuponya m'jumbo ya wogulayo maso ali kwina, ngati dzanja lachita lokha. Ameneyo ndiye basela. Ku Tikukwera basela sapempha mokuwa, ndipo sathokoza mokuwa. Wogula amangogwirabe jumbo ili yotsegula kanthawi pang'ono, akufunsa za ana.

Lamulo la mtengo litangotuluka, a Yotamu, mwini lole yobweretsa tomato kuchokera ku Madimba, anakweza mtengo wa kreti.

"Inu simunamve lamulo?" anafunsa mai Nanthambwe.

"Lamulo lanena za mulu, mayi, silinanene za dizilo. Dizilo timagula kunja, ndipo akunjawo khobidi lathu akuliyang'ana ngati chitsekerero cha botolo."

Mai Nanthambwe anachotsa tomato wa pamwamba uja. Patatha mwezi anachotsa wina wa pansi. Mwezi wachitatu dzanja lawo linasiya kuponya basela, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa zonse. Makasitomala ankaimabe jumbo zili zotsegula, akufunsa za ana, iwo n'kumayankha mwaulemu za mwana aliyense payekhapayekha, manja ali kumbuyo. Anachita manyazi kwambiri masiku amenewo.

"Mayi, muluwu wadwala kodi?" anafunsa mphunzitsi wina, akuwerama kuti auone bwino.

"Ayi, aphunzitsi, ukungochepetsa thupi. Koma mtengo ndi womwe uja."

"Zikomo pondikhazika mtima pansi. Ndimaopa kuti zinthu zakwera."

Zinthu zinali zisanakwere, ndipo wailesi inali mboni. M'mawa uliwonse inkalengeza kuti kwa miyezi isanu mtengo wa mulu sunasunthe ngakhale ndi khobidi limodzi, chinthu chimene maiko oyandikana nawo akulephera mpaka lero. Silinali bodza ayi. Ku Tikukwera wailesi sinama, imangosankha poima.

Nkhaniyi ikanathera pamenepo chikanakhala kuti si a Dulani, khukhi wa kunyumba yachifumu. Pali mwambo wina umene aliyense wotumidwa kumsika amaudziwa: mulu ndi wa amene wakutuma, basela ndi wako. Kwa zaka khumi ndi ziwiri banja la a Dulani linkadya ndiwo zofiirira bwino chifukwa cha basela wa nyumba yachifumu. Basela atatha, bamboyo anayamba kudzipatsa yekha kuchokera pa mulu, mulu umene unali utachepa kale. Tsiku lina nkhuku inafika patebulo la mfumu ikusambira m'madzi otuwa.

"Dulani, msuziwu mwatsukira mbale?"

A Dulani anagwada. "Pepani mwini dziko. Basela watha mumsika."

Nduna zinaitanidwanso. A Mapesi anafotokoza modekha kuti basela sangathe. "Basela alibe mtengo, mwini dziko. Chinthu chopanda mtengo sichioneka pansanja, ndipo chinthu chimene sichioneka pansanja, kunena mwaukatswiri, sichinakhalepo. Ndiye chingathe bwanji?"

"Koma msuzi wanga unkafiira," inatero mfumu.

Lamulo lachitatu linatuluka: pa mulu uliwonse wogulitsa aziika basela, tomato wathunthu wosaphwanyika, ndipo wolephera alandidwa benchi.

Amene anakondwera kwambiri ndi lamuloli ndi a Chipwaila, kapitawo wa msika, mwini wenzulo ndi kandodo kopaka vanishi. Bamboyu anali ndi mlamu wake amene ankagulitsa anyezi kumapeto kwa msika, pafupi ndi zimbudzi, ndipo kwa zaka zambiri ankaona kuti mlamuyo angaoneke bwino pachipata. Kuyambira tsiku limenelo ankaima pafupi ndi benchi la mai Nanthambwe kuyambira m'mawa, wenzulo ili kukamwa.

Pa nthawiyo makobidi khumi ankakwana tomato awiri basi. Mai Nanthambwe anaika mmodzi kutsogolo, n'kumutcha mulu. Winayo anamuika kumbuyo, n'kumutcha basela. A Chipwaila anayang'ana, anazungulira benchi kawiri, koma sanapeze poimbira wenzulo. M'mawa mwake wailesi inalengeza mosangalala kuti ku Tikukwera basela wakula mpaka kufanana ndi mulu, umboni woti amalonda akupeza bwino kwambiri moti sakudziwa kochita nazo.

Kenako a Yotamu anabwera ndi lole yodzaza theka, ndipo makobidi khumi anakwana tomato mmodzi.

Mai Nanthambwe anakhala pa kreti yawo nthawi yaitali osayala malonda. Akakweza mtengo, benchi lapita. Akapanda kuika basela, benchi lapita. Akapereka awiri pa mtengo wa mmodzi, pakutha pa sabata sadzakhala ndi choika pabenchipo. Anayang'ana a Chipwaila, amene anali atayamba kale kuyeza chipata ndi maso. Ndiye anakumbukira kuti pa malamulo atatu onse aja panalibe limene linanena kuti mulu ukhale ndi tomato angati.

Anapempha khala kwa mayi wowotcha chimanga, n'kujambula mizere isanu yozungulira pabenchi, m'malo momwe milu inkakhala. M'katimo sanaikemo kanthu. Tomato yense anamusiya m'kreti, kumbuyo.

Woyamba kufika anali mphunzitsi uja. Anayang'ana benchi, anayang'ana mai Nanthambwe, anayang'ana kapitawo. Anthu a ku Tikukwera sachedwa kumva.

"Milu yabwino lero, mayi," anatero. "Ndipatseni wapakatiwo, ukuoneka wakupsa bwino."

"Mwasankha bwino, aphunzitsi. Wabwera lero lomwe."

Analandira makobidi khumi, anawola mpweya ndi manja awiri n'kuuthira m'jumbo mosamala kuti usaphwanyike. Kenako anatola tomato mmodzi m'kreti, wathunthu monga mwa lamulo, n'kumuika pamwamba.

Pofika Lachinayi msika wonse unali utajambulidwa ndi makala. Ogulitsa bonya ankakangana ndi makasitomala kuti asamagwiregwire milu ngati sakugula. Gogo wina anabweza mulu wake ati unali ndi mchenga, ndipo anamusinthira popanda mkangano. Anthu anali ndi njala ndithu, koma kunena zoona msika wa Tapirira unali usanasekepo chotero.

Nkhani itafika kunsanja, akatswiri anakhala pansi n'kuiunika. Anapeza kuti tomato yense amene akutuluka mumsika akutuluka ngati basela, ndipo basela salipira. Lachisanu m'mawa wailesi inayamba ndi ng'oma. Dziko la Tikukwera, inatero, lakhala loyamba pansi pano kupereka tomato waulere kwa anthu ake onse. Mfumu inamwa makapu awiri.

Tsiku lomwelo wenzulo ya a Chipwaila inalira. Benchi la mumsika, anatero, ndi la munthu wogulitsa katundu, ndipo mayi awa sakugulitsa kanthu. Mai Nanthambwe anatengeredwa kubwalo la mfumu, benchi lawo litasenzedwa ndi asilikali awiri ngati umboni.

Mfumu inatsika pampando n'kuweramira mizere ya makala ija. "Mayi, zimenezi n'chiyani?"

"Ndi milu, mwini dziko."

"Tomato wake ali kuti?"

"Ndimati ndifunse anduna, poti iwo amaona yense pamodzi."

Bwalo linakhosomola. Mai Nanthambwe anali atagwada, koma anaona kuti benchi likupita ndithu, ndiye kukhala chete kunalibenso phindu.

"Mwini dziko, ndiloleni ndiwafunse. Anduna, kumwamba kuja mumaona msewu wa ku Madimba?"

"Ndimauona wonse," anayankha a Mapesi monyada.

"Malole a tomato amadutsa angati?"

A Mapesi anati zimenezo n'zaukatswiri. Koma kumbuyo kwa bwalo kunamveka mawu a a Lufeyo, amene anali atabwera ndi makwerero awo chifukwa lamulo silinkawalola kuwasiya. "Nditangoyamba ntchitoyi ankatsika akunena kuti makumi anayi, mwini dziko. Lolemba lapitali atsika akung'ung'udza kuti asanu ndi anayi. Ine ndimamva zonse, ndimakhala pansi pawo."

"N'zoona, a Mapesi?" inafunsa mfumu.

"N'zoona pang'ono, mwini dziko."

"Malole achepa chifukwa chiyani?"

"Dizilo wadula."

"Wadula chifukwa chiyani?"

"Khobidi lafooka."

"Lafooka chifukwa chiyani?"

A Mapesi anayang'ana kudenga, kenako nsapato zawo. "Tinasula makobidi ambiri atsopano, mwini dziko, oti tilipire amisiri owonjezera nsanja. Munalamula kuti italike, kuti tizitha kuona nkhani zabwino zimene zili patali. Makobidi akachuluka katundu ali yemwe uja, khobidi lililonse limapepuka."

"Nanga bwanji sindinazimve pa wailesi?"

"Zinali pa tsamba lachiwiri la nkhanizo, mwini dziko. Tiyi wanu amatha pa tsamba loyamba."

Apa mai Nanthambwe anaomba m'manja mwaulemu kupempha mpata. "Mwini dziko, ine sindinapite patali ndi sukulu, ndipo sindidana ndi nsanja. Ine pabenchi sindingaone malole a ku Madimba, sindingaone za kumalire. Anduna akanatiuza mwezi wa Febuluwale kuti malole akuchepa, bwenzi nditadzala tomato wanga kuseri kwa nyumba. Iwonso kumwambako sangaone kuti lole ikasowa, chimasowa m'jumbo ya aphunzitsi n'chiyani. Zimenezo ankawauza a Lufeyo ndi dengu lawo. Kale tinkamva zonse ziwiri, ndiye tinkadziwa pothawira. Pano mukutiuza kuti dziko lakhuta, ife tikaweruka tikukafunsa ana kuti kodi dzikolo mwaliona? Ine chimene ndikupempha n'chimodzi. Benchi ili ndi la mai anga. Musandilande."

Mfumu Nyadani, monga ndanena, inali ndi mtima wabwino, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Inabwerera pampando, inapukuta kumaso, inanong'onezana ndi a Mapesi kanthawi. Anthu anayamba kuganiza kuti mwina lero dziko litsika pang'ono kuti liwaone.

"Mayi uyu alibe mlandu," inalengeza mfumu. Bwalo linaphulika ndi nthungululu. "Ndipo si zokhazo. Mayi uyu ndi ngwazi. Pa benchi ili ndi pamene tomato anayambira kukhala waulere m'dziko lathu. Benchi lotere silingakhale pafumbi, kumagundidwa ndi madengu a anthu. Likwezedwe pamwamba pa nsanja, kuti mtundu wonse uziliona."

"Mwini dziko," analira mai Nanthambwe, "ndilangeni chabe! Ndisesa msika mwezi wathunthu, koma benchilo mundibwezere."

"Taonani kudzichepetsa kwake," inatero mfumu, ikutembenukira kwa nduna. "Ayi mayi, ulemu wa mfumu sabweza. Ndipo poti mwatikumbutsa za dengu, Za Mudengu zibwerere pa wailesi. A Mapesi, muwapezere a Lufeyo dengu latsopano, logwirizana ndi nthawi ino."

Anawaveka mendulo yolemera pachifuwa, gulu la malipenga linawaperekeza mpaka kumsika. Atafika anapeza kuti pachipata, poti panali patatsala malo opanda mwini, a Chipwaila apereka kale kwa munthu wina woyenera. Anyezi ankaoneka bwinodi pamenepo.

Masiku ano mai Nanthambwe amayala thumba pansi kunja kwa mpanda, pafupi ndi pamene a kabaza amaimika njinga. Fumbi ndi lambiri, makasitomala ndi ochepa, ndipo mendulo ija amapsinjira ngodya ya thumba kuti lisauluke ndi mphepo. Kukacha bwino amatha kuona benchi lawo kumwamba kwa nsanja, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Poyamba ankaliyang'ana tsiku lililonse. Kenako anaona kuti khosi likuwawa ndi mtima womwe, ndiye anatembenuza thumba kuti aziyang'ana kumsewu.

Lolemba lina a Lufeyo anafika atavala jekete lawo lija, atanyamula dengu latsopano la boma pachikhatho. Linali lolukidwa mwaluso kwambiri, kukula kwake ngati kapu ya tiyi.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu, bambo. Ndi limenelo?"

"Ndi limeneli," anatero a Lufeyo, osawayang'ana kumaso. "Ndipatseni mulu umodzi."

Mai Nanthambwe anawola mpweya pa mzere wa makala, n'kuika tomato mmodzi wa lamulo uja. Tomatoyo anakhala pakamwa pa dengu, osalowa n'komwe.

"Ndiye mawa mukanena kuti chiyani?"

"Ndikanena zimene ndaona, mayi. Dengu lasefukira."

Anaseka onse awiri, kuseka kosakhalitsa. A Lufeyo sananyamuke msanga. Anafunsa za mwana woyamba, anafunsa za wachiwiri, ndipo asanafike kwa wachitatu dzanja la mai Nanthambwe linalowa m'kreti, maso awo ali kwa a kabaza. Linatuluka ndi katomato kakang'ono, kofinyika mbali imodzi, n'kukagwetsera m'thumba la jekete lija.

A Lufeyo anatsegula pakamwa kuti athokoze.

"Chete, bambo," anatero mai Nanthambwe motsitsa mawu. "Kameneko musakakanene pa wailesi. Akangomva kuti kalipo, akakweza pansanja."